Theka la sekondi lidagwiritsa mbava ya pa kompyuta

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu udapherezeka mu 2024 pomwe kapulogalamu kodalirika ka XZ Utils, komwe kamapanikiza mafayilo kuti achepe, kadapezeka ndi khomo lachinsinsi lolowera akuba.

Kapulogalamuka kali m'makompyuta ambiri a Linux, omwe amasunga zinthu zochuluka za pa intaneti. Chiwembucho chikadatheka, mbavayo ikadamalamula makompyutawo ili kutali.

Munthu wina wodzitcha Jia Tan adayamba kuthandiza pantchitoyi mu 2021. Kwa zaka ziwiri adagwira ntchito mokhulupirika mpaka mwini ntchitoyo, Lasse Collin, yemwe ankaigwira mongodzipereka, adamupatsa mphamvu zotulutsa pulogalamuyo. Apa mpomwe adabisa msamphawo mu mtundu wa 5.6.0 mu February 2024 ndi 5.6.1 mu March.

Adamutulukira ndi Andres Freund, katswiri wa ku Microsoft. Iye adadabwa kuona kuti SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali, ikuchedwa ndi theka la sekondi. Adafufuza mpaka kupeza gwero lake ndipo adaulula nkhaniyi pa 29 March.

Mwamwayi, msamphawo udangofika m'mitundu yochepa, monga yoyesera ya Debian ndi Fedora, komanso Kali Linux ndi openSUSE Tumbleweed. Mitundu yokhazikika ya Debian, Ubuntu ndi Red Hat sidakhudzidwe.

Nanga mwini kompyuta atsimikiza bwanji? Choyamba, aone nambala ya XZ yomwe ali nayo kudzera m'kaundula wa mapulogalamu: `dpkg -l xz-utils` pa Debian kapena `rpm -q xz` pa Fedora. Kufunsa kaundula n'kwabwino kusiyana n'kuyatsa pulogalamu yomwe ukuikayikirayo.

Akapeza 5.6.0 kapena 5.6.1, aichotse msanga. Panthawiyo bungwe la boma la America la CISA lidalangiza kubwerera ku 5.4.6, ndipo mtundu wokonzedwa wa 5.6.2 udatuluka mu May 2024.

Koma kutseka khomo sikubweza kiyi yemwe wapita. Ngati SSH idali yotsegukira ku intaneti, mwini ake aunike mndandanda wa omwe adalowa, asinthe makiyi ndi mawu achinsinsi, kenaka aike Linux yonse mwatsopano.

Nkhaniyi sidatheretu. Mu August 2025, kampani ya Binarly idapeza msamphawo udakalipo m'mapulogalamu ena akale osungidwa pa Docker Hub.