Helvetica ndi Arial: msinkhu umodzi, kapangidwe kosiyana

Munthu amene sagwira ntchito yokonza zikwangwani ndi mabuku akaona Helvetica ndi Arial pamodzi amati n'chimodzimodzi. Sindimudabwa. Mitundu yonse iwiriyi ya zilembo ilibe timichira ta m'mapeto tomwe timaona pa Times New Roman, ndipo chiganizo cholembedwa ndi mtundu umodzi chimatenga malo ofanana ndendende ndi cholembedwa ndi unzakewo. Komatu ife amene timaswera pa kompyuta maso ali pa chilembo timadziwa kuti kusiyana kulipo, ndipo kuli ndi pamene kunachokera.

Wamkulu ndi Helvetica. Inatuluka mu 1957 ku Münchenstein, pafupi ndi Basel m'dziko la Switzerland, pa kampani yosula zilembo zachitsulo ya Haas. Anaijambula ndi Max Miedinger mothandizana ndi mkulu wa kampaniyo, Eduard Hoffmann. Poyamba inkatchedwa Neue Haas Grotesk, ndipo dzina lomwe tikulidziwali linabwera mu 1960 pofuna kuti igulike kunja. Zaka zimenezo akatswiri a ku Zurich ndi Basel, monga Josef Müller-Brockmann, anali atatopa ndi zokongoletsa. Iwo ankafuna pepala lopuma bwino, mizere yoongoka, chithunzi chimodzi, ndi mawu ochepa oikidwa pamalo oyezedwa. Mzimu womwewo unali mwa ojambula zithunzi ndi omanga nyumba zamakono a nthawiyo: chilichonse chosagwira ntchito chichoke. Helvetica inabadwira m'maganizo amenewa, n'chifukwa chake inafalikira mpaka pa zikwangwani za sitima zapansi pa nthaka ku New York. Mu 2007 Gary Hustwit anachita kupanga filimu yathunthu yonena za iyo.

Arial inabwera mu 1982, yojambulidwa ndi Robin Nicholas ndi Patricia Saunders pa kampani ya Monotype ku England, poyamba kuti igwire ntchito m'makina osindikizira a IBM. Kutchuka kwake kunayamba mu 1992 pamene Microsoft inaiika mu Windows 3.1. Chilembo chilichonse cha Arial chinapatsidwa m'lifupi mofanana ndi cha Helvetica, kuti chikalata chokonzedwa ndi Helvetica chisasokonekere chikatsegulidwa pomwe palibe Helveticayo. Kuchokera apo Arial inalowa mu ofesi iliyonse, zathu zomwe. Makalata ofunsira ntchito, zidziwitso zomatidwa pakhomo la sukulu, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, zambiri mwa izi zimatuluka mu Arial popanda amene anachita kuisankha.

Kuti muone kusiyana, kulitsani zilembo mpaka zidzaze sikirini. Yambani ndi R wamkulu. Mwendo wa R wa Helvetica umatsika pafupifupi choongoka n'kupindika pang'ono pansi. Wa Arial umatambasukira kumbali. G wa Helvetica ali ndi kaphazi kumunsi chakumanja, wa Arial alibe. Mutu wa t wamng'ono mu Helvetica ndi wodulidwa mwathyathyathya, mu Arial ndi wosongoka mopendama. Koma chachikulu chili pa C, S ndi e. Mu Helvetica nsonga za zilembozi zonse zadulidwa mopingasa, motsata mzere womwe mawu akhalapo. Lamulo limodzili likubwerezedwa paliponse, ndipo ndi lomwe limachititsa kuti liwu lioneke logwirana, lokhazikika, ngati khoma la njerwa lomwe mmisiri anayala ndi chingwe. Mu Arial nsongazo n'zopendama, ndipo liwu limaoneka lomasuka pang'ono koma losamangika. Pa kalata ya zilembo zing'onozing'ono izi sizioneka. Pa chikwangwani cha mamita atatu pamwamba pa sitolo zimaoneka, ngakhale wodutsa m'njira sangathe kutchula chomwe chasiyana.

Anzanga ena amanyoza Arial kuti ndi yongobera. Ine sindifika pamenepo. Helvetica nayonso inapangidwa kuti ilande msika wa Akzidenz-Grotesk, zilembo za kampani ya Berthold ya ku Berlin zomwe zinalipo kuyambira cha m'ma 1898. Malonda ndi omwe anabala zonse ziwiri. Ndipo Arial inakonzedwa mosamala kuti iziwerengeka pa masikirini osaoneka bwino a m'ma 1990, ntchito yomwe inaigwira mokwanira. Zonse zili ndi chilema chimodzi: I wamkulu ndi l wamng'ono n'zovuta kusiyanitsa, choncho pa nambala zachinsinsi kapena malangizo a mankhwala sindingasankhe iliyonse mwa izo.

Chomwe chimandipweteka ndi zomwe mapulogalamu amachita pakati pa ziwirizi. Makompyuta a Apple amabwera ndi Helvetica, a Windows ayi. Wokonza akamaliza ntchito yake mu Helvetica n'kutumiza fayilo kumalo osindikizira komwe kuli Windows, kompyuta ya kumeneko ikhoza kulowetsapo Arial m'malo mwake. Pakanakhala mtundu wina wa zilembo, mizere ikanasuntha ndipo wosindikiza akanadabwa n'kuimba foni. Koma poti m'lifupi n'chimodzimodzi, palibe chimasuntha, palibe amene amazindikira, mpaka chikwangwani chitakhomedwa ndipo ndalama za mwini sitolo zitapita. Kufanana komwe kunapangidwira kuteteza chikalata ndi komwenso kumabisa vutolo.

Kwa ine, pa dzina la kampani, pa chikuto cha buku kapena pa chikwangwani chachikulu, Helvetica ndi yoposa, ndipo ndi yoyenera kuilipira. Pa kalata ya mu ofesi yomwe idzatsegulidwa pa makompyuta osiyanasiyana, Arial ndi yodalirika kwambiri. Inu amene mumatumiza ntchito kosindikiza, musanatumize sandutsani zilembo kukhala mizere yojambula, zomwe mu CorelDRAW zimatheka ndi Ctrl ndi Q, kapena tumizani PDF yomwe zilembo zake zili momwemo, ndipo pemphani kuona kope loyeserera makina asanayambe kusindikiza.