Chivomerezi sichiiwala mng'alu

Madzulo a pa 3 Epulo 2017 nthaka inagwedezeka ku Old Naledi ndi madera ena a mzinda wa Gaborone ku Botswana. Gwero lake linali kutali, makilomita oposa 200 kumpoto chakumadzulo, m'chipululu cha Kalahari kumadzulo kwa mudzi wa Moiyabana. Chivomerezicho chinali cha mphamvu ya 6.5 ndipo chinamveka mpaka ku Johannesburg ndi Bulawayo.

Ambiri anadabwa, pakuti Botswana wakhala pa matanthwe akale kwambiri, otalikirana ndi malire a zigawo zikuluzikulu za dziko kumene zivomerezi zimachuluka. Komatu paja akulu amati madzi saiwala khwawa. Pansi pa mchenga wa Kalahari pali ming'alu imene inang'ambika kalekale, ndipo kontinenti ya Africa ikamakokeka pang'onopang'ono, pamene pamagonja ndi pomwepo. Mbali ziwiri za mng'alu zimagwirana zolimba kwa zaka mazana kapena zikwi, mphamvu nkumaunjikana, kufikira tsiku limene thanthwe laterereka mwadzidzidzi.

Kukula kwa chivomerezi kumadalira utali ndi kuya kwa gawo limene laterereka. Manambala ake amapusitsa: cha 7 chimatulutsa mphamvu yoposa ya cha 6 pafupifupi ka 32. Apa mpamene Mmalawi ayenera kutchera khutu. Dziko lathu lili m'chigwa chong'ambika cha Rift Valley, ndipo mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wodutsa m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, ndi wotalika makilomita oposa 100. Utati uterereke wonse nthawi imodzi, akatswiri akuti chivomerezi chake chingapitirire 7.5. Cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinali zongozungulira 6, koma zinapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambiri.

Nanga tsiku lake? Palibe makina olidziwa. Bungwe la Botswana Geoscience Institute ku Lobatse ndi nthambi yoona za miyala ku Zomba amalemba kugwedezeka kwa nthaka ndi kusonyeza madera oopsa, basi. Wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp wotchula tsiku ndi ola, akunama.

Ku Karonga nyumba zimene zinagwa msanga ndi za njerwa zomangira dothi. Mukamamanga, kaya ku Old Naledi kaya ku Mtakataka, uzani mmisiri aike lintala ya konkire ndi zitsulo kuzungulira nyumba yonse.