Ogulitsa nsomba a ku Whitby akukana kuiwalika

Kodi mayi wogulitsa nsomba angadziwike nkhope patapita zaka zoposa 100? Ku Whitby, katauni ka asodzi m'mphepete mwa nyanja yamchere kumpoto chakum'mawa kwa England, zatheka ndithu. Anachititsa ndi mkulu wina wa kamera, Frank Meadow Sutcliffe.

Mkuluyu anabadwa mu 1853 ku Leeds, koma ntchito yake anaigwirira ku Whitby. Ya ndiwo inkachokera mu situdiyo, momwe ankajambula alendo opeza bwino obwera kudzapitidwa mphepo kunyanja. Koma akangopeza mpata, ankasenza chikamera chake chamatabwa cha miyendo itatu, ulendo wa kudoko.

Kumeneko ankajambula zomwe ena ankaziyesa zachabechabe: mabwato a matanga atakocheza pamathiriro a mtsinje wa Esk, nkhungu itakuta doko, asodzi ali ndi maukonde awo, amayi atanyamula madengu a nsomba, ndi bwinja la nyumba ya amonke lili pamwamba pa chitunda.

Sinali ntchito yamasewera, abale. Masiku oyambawo filimu kunalibe. Chithunzi chinkagwidwa pa galasi lopakidwa mankhwala, ndiye wojambulidwa akangogwedezeka, basi galasi lapita, ndalama yalowa m'madzi.

Mu 1886 anajambula tianyamata tikusewera pa bwato tili buno bwamuswe, chithunzi chotchedwa Water Rats. Akuluakulu a mpingo anakwiya nacho kwabasi. Koma taonani, mwana wa Mfumukazi Victoria, amene anadzakhala Mfumu Edward VII, anagula chake!

Zithunzi zambiri za nthawi imeneyo, kuphatikizapo za Sutcliffe, zimaoneka zofiirira ngati tiyi wa mkaka wochepa. Ena amati ndi litsiro kapena ukalamba. Si nthawi zonse ayi. Mtunduwu amautcha sepia, dzina la kanyama ka m'nyanja kolavula inki yofiirira, ndipo ojambula ambiri ankachita dala kuti zithunzi zifiire choncho.

Nkhani yake ili apa. Chithunzi chakuda ndi choyera chimapangidwa ndi timibulu ta siliva, tomwe mpweya woipa ndi chinyontho zimatidya pang'onopang'ono. Akachiviika m'mankhwala a sulufule, siliva uja amasanduka wosadyeka msanga. Chithunzi chimafiira, koma chimakhalitsa. Pamene zithunzi zamitundumitundu zomwe tinkatsukitsa m'ma 1990 zimadalira utoto, ndipo utoto umasuluka ndi dzuwa. Pitani mukaone chaukwati chili pakhoma paja.

Sutcliffe anagulitsa situdiyo yake mu 1922, n'kukhala woyang'anira nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Whitby mpaka mu 1941, chaka chimene anamwalira. Lero dzina lake likamveka, anthu sathamangira zithunzi za mabwana a mu situdiyo aja. Amafuna doko, nkhungu ndi amayi a madengu, anthu omwe analibe ndalama yojambulitsira.

Ndiye inu a chambo, usipa ndi matemba, wa kamera akaima pa benchi panu musamabise nkhope ndi chitenje. Mufunseni kumene akupita nacho chithunzicho, mugwirizane, ndipo muumirire kuti chanu akutsukireni papepala. Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Zidzukulu zidzafuna kuona benchi lomwe linalipira fizi.