Pakhomo pa azakhali pawala!

Amene munafikako kwa azakhali anga ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe zaka za m'mbuyomu, pitaninso mukadzionere nokha. Mukafika pageti muima kaye, muyang'ana uku ndi uku, kenako mufunsa ana osewera mumsewu ngati eni nyumba anasamuka. Sanasamuke ayi! Nyumba ndi yomwe ija, mtengo wa mango ndi womwe uja, koma bwalo limene linkameza nsapato za alendo lero lili see, mapevingi atayalidwa mwaluso kuyambira pageti mpaka kukhonde la kuseri. Ine ndikafikapo mtima umangoti myaa, ndipo nkhani yake sinditopa kuifotokoza.

Dothi la pamenepo ndi katondo, lofiira lija. Mu Okutobala kamvuluvulu akadutsa, fumbi linkalowa mpaka m'mbale za m'kabati, ndipo makatani oyera ankafiira sabata isanathe. Dzinja likafika, fumbi lomwelo linkasanduka matope oterera. Kuyambira Disembala mpaka Malichi galimoto ya bambo a pakhomopo inkagona kwa aneba, chifukwa ikalowa pageti sinkatulukanso popanda anyamata oikankha. Koma chimene chinkawapweteka mtima azakhali ndi tsiku lolandira amayi anzawo a Mvano. Azimayi atavala zoyera mbee ankadumpha zithaphwi poponda zidutswa za njerwa zimene ana anandandalika, nsapato zili m'manja, matope atawathothokera m'mabulauzi. Azakhali ankapepesa kuyambira pageti mpaka pemphero lotsekera.

Atatopa nazo, anatenga ndalama za ku banki m'khonde, nagula mapevingi kwa oumba a m'mbali mwa msewu, napeza munthu wotchipa woti awayale. Munthuyo anangopalira udzu, kumwaza kamchenga, n'kuyala basi. Poyamba panaoneka bwino ndithu. Mvula itangogwa kangapo, modutsa matayala munatitimira n'kukhala ngalande ziwiri. Mapevingi a m'mphepete anayamba kusunthira kumaluwa popeza panalibe chowagwira, nyerere zinatulutsa mchenga m'mipata, udzu unamera. Choipitsitsa, madzi a padenga ankathamangira kunyumba m'malo mopita kumsewu, ndipo khoma la kuchipinda linayamba chinyezi, penti n'kumasendeka. Ndalama zapita, matope akadalipo.

Chilimwe chotsatira ndi pomwe kunabwera mmisiri weniweni, bambo wachikulire wofatsa amene ntchito yake ndi yokhayi. Sanathamangire kutchula mtengo. Anazungulira bwalo lonse, kugogoda pano, kuzula pevingi imodzi apo, kenako anapempha ndowa ya madzi n'kuikhuthula pafupi ndi khonde kuti aone kolowera madziwo. Onse anabwerera kukhoma.

"Mayi, musataye mtima," anatero. "Mapevingi anuwa ambiri ndi abwino. Chavuta chili pansi."

"Ndiye ndigulenso ena, bambo?"

"Ayi mayi. Tiwazula, tiwatsuka, tiwabwezeretsa. Mugula ongolowa m'malo mwa ophwanyika."

Nkhope ya azakhali inawala pomwepo. Ubwino wa mapevingi ndi umenewu: samatidwa ndi simenti, amangogwirana okhaokha pamchenga, choncho akhoza kuzulidwa n'kuyalidwanso. Konkire yothira pamodzi ikang'ambika, imafuna hamala ndi ndalama zina. Nzeruyi inakulira ku Netherlands, dziko la dothi lofewa kumene misewu imatitimira. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1950, njerwa zootcha zitasowa chifukwa chomanganso nyumba zogumuka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu anayamba kuumba za konkire zoyalira misewu. Msewu ukatitimira amazula, kukonza pansi, n'kubwezeretsa zomwezo.

Ntchito yaikulu inali yosaoneka ndi maso a mlendo, ndipo ine ndi imene inandisangalatsa koposa. Anyamata a mmisiri anasanja mapevingi onse pambali, natenga mapiki ndi mafosholo, nakumba mozama masentimita pafupifupi 25, kuchotsa dothi lonse lofewa ndi mizu yomwe. Pakati penipeni pa njira ya galimoto anapeza dzenje lakale la zinyalala, lodzaza phulusa, zitini ndi mapepala a pulasitiki. Aliyense anaomba m'manja: wakuba uja wapezeka! Pamenepo ndi pomwe galimoto inkatitimira chaka ndi chaka. Anafukula zonse, nadzazamo dothi lamiyala.

Kenako kunabwera lole ya miyala ya kwale yosakanikirana ndi fumbi lake. Sanaikhuthule yonse nthawi imodzi ayi. Ankayala pang'ono, kuwaza madzi, kudutsitsa makina otsendera a petulo aja amene amanjenjemeretsa makapu m'kabati, kenako kuyalanso ina, mpaka maziko anakwana masentimita 15, olimba gwa moti wilibala yodzaza sinkasiya mkwasa. Mmisiri mwiniwake ankayenda ndi chingwe, zikhomo ndi kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi, kuyeza kutsetsereka kwa bwalo: pa mita iliyonse kuchokera kukhoma, pansi patsike masentimita 2. Kutsika kotere munthu woyenda sakumva, koma madzi amakumvera. M'mphepete monse anadzala miyala ya simenti yoimika, naigwiritsa ndi konkire kuti pevingi ngakhale imodzi isadzasunthenso.

Pamwamba pa mazikowo anayala mchenga wa kumtsinje wosefa, wokhuthala masentimita 3 okha, akuusalaza ndi thabwa loyenda pa mapaipi awiri. Mwana aliyense anachenjezedwa kuti asapondepo, nkhuku nazo zinatsekeredwa m'khola.

Mapevingi a azakhali ndi a makona anayi aja, mamilimita 200 m'litali ndi 100 m'lifupi, amene amalowa 50 pa sikweya mita imodzi. Okhuthala mamilimita 60 amakwanira galimoto yaing'ono, koma pageti, pomwe nthawi zina pamaima lole, mmisiri anaitanitsa a mamilimita 80. Pogula atsopanowo anapita yekha, ndipo anakana onse ongochoka kumene m'chikombole. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku oyambirira ndipo imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Yogulidwa yaiwisi ndi imene imafumbutuka m'makona chaka chisanathe.

Tsiku loyala linali chikondwerero. Munthu wotchipa uja anawafoletsa m'mizere yowongoka, yomwe tayala likakhota imatseguka. Uyu anawayala mopingasa, ina chogona ina choima, molukana ngati nsungwi za lichero, kuti iliyonse itsekeredwe ndi zinzake. Ofiira anawaika m'malire, otuwa pakati. M'makona ankadula ndi galayinda mpaka kachidutswa kalikonse kalowe bwinobwino. Pomaliza anamwaza mchenga wosalala wouma, kuusesera m'mipata, kudutsitsa makina aja, kusesanso, mpaka mipata yonse inakhuta. Madzulo ake bambo a pakhomopo analowetsa galimoto pang'onopang'ono, kuibweza, kuilowetsanso, akuseka okha pachiwongolero.

Mayeso enieni anabwera ndi mvula ya kumapeto kwa Novembala, yamabingu, yogwa ndi mphamvu. Banja lonse linaima pakhonde kuonerera. Madzi a padenga anagwera pamapevingi, natembenuka, nayamba ulendo wopita kungalande ya kugeti, ena kukathirira nthochi kuseri. Khoma linakhala louma. Mvula itakata sipanatsale chithaphwi ngakhale chimodzi, ndipo azakhali anatsika pakhonde atavala masilipasi oyera, nayenda mpaka pageti n'kubwerera, mapazi ali mbee. Nthungululu imene anaimba inatulutsa aneba m'nyumba zawo!

Kuyambira pamenepo bwaloli silipuma. Ufa wochokera kuchigayo amauyanika pamphasa osaopa fumbi. Adzukulu aphunzirira njinga pomwepo. Kukhonde la kuseri kwaikidwa mipando ndi tebulo, ndipo tiyi wa madzulo amamwera kumeneko. Chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi chinachitikira pakhomo, matenti ataima bwinobwino, anthu n'kuvina pelekanipelekani mpaka dzuwa kulowa popanda wina kutsokomola fumbi. Amayi a Mvano tsopano amachita kupempha kuti mkumano ukhale kwa azakhali. Ndipo paipi ya madzi itaphulika pansi pa njira ya galimoto, mmisiri yemwe uja anazula mapevingi ochepa, okonza paipi anagwira ntchito yawo, iye n'kutsenderanso pansi, kubwezeretsa. Lero simungaloze pomwe panakumbidwa.

Chinanso chimene ndimamutamandira bamboyu n'chakuti sanayale bwalo lonse. Kuzungulira mtengo wa mango anasiya dothi lalikulu ndithu, ndipo dimba la masamba sanalikhudze. Ndaona makomo ena mu Lilongwe atakutidwa konkire khoma ndi khoma, mitengo itadulidwa. Mu Okutobala pamatentha koopsa, ndipo m'dzinja madzi onse amakathera kwa aneba. Kwa azakhali kuli mthunzi, kuli mango, kuli mpiru, matope okha ndiwo kulibe.

Ndalama zinalowa zambiri, zoona, makamaka pa miyala ya kwale ndi kubwereka makina, koma azakhali sanadandaulepo ngakhale kamodzi. Inu amene bwalo lanu latitimira kapena mukuganiza zoyala koyamba, itanani mmisiri nthawi ya chilimwe, pakati pa Meyi ndi Okutobala, dothi likadali louma. Mufunseni kuti akumba mozama bwanji, atsendera ndi chiyani, madzi awalozetsa kuti, ndiponso mapevingi anaumbidwa liti. Ndipo masiku okumba ndi kutsendera musachokepo pakhomo.