Mitengo ya Kwathu Iyenera Kuima Pabwalo

Pamene ndiyendera midzi pa ntchito yanga ya ulangizi, kawirikawiri ndipeza kuti munthu pofuna kumanga nyumba ayamba walikha mitengo yonse imene waipeza pamalopo. Msuku ugwa, mlombwa ugwa, muwale ugwa. Nyumba ikatha, iye apita kukafuna mbande za jakaranda ndi bulugamu. Ndikamfunsa chifukwa chake, andiyankha kuti mitengo ya kwathu njam'thengo, siikongoletsa pakhomo. Alimi anzanga, tiyeni tiwapime bwino mawu amenewa.

Anthu a maiko ena sanyoza zomera zao chotere. Ku Cape Town, m'tsinde mwa phiri la Table Mountain, kuli munda wotchedwa Kirstenbosch, umene anautsegula m'chaka cha 1913 kuti usunge ndi kuonetsa zomera za dziko lomwelo. Alendo alipira ndalama pachipata kuti akaone maluwa amene kale anali kumera okha m'mapiri. Kwathu kuno Alexander Whyte anayamba munda wa ku Zomba m'chaka cha 1891, makamaka woyeseramo mbewu zochokera kunja. Komabe dzina lake lakhalira pa mtengo wathu, mkungudza wa ku Mulanje, umene akatswiri autcha Widdringtonia whytei. Mtengowu umera wokha pa phiri limenelo basi, ndipo m'chaka cha 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko.

Sindinena kuti chachilendo chirichonse nchoipa. Bulugamu, wochokera ku Australia, atipatsa milimo ya zigafa za fodya. Koma amwa madzi kwambiri, ndipo chimanga choyandikana naye chifooka. Mpatseni malo akeake, kutali ndi dimba. Koma lantana ndiye sindimkhululukira. Anadza kuchokera ku America monga duwa la mpanda, mbalame zinamwaza njere zake, ndipo tsopano watseka mabusa ambiri, masamba ake nadwalitsa ng'ombe.

Nanga pabwalo tibzale chiyani? Muwale suvuta. Dulani nthambi yaikulu, muizike mvula isanagwe, ndipo idzaphuka. M'chilimwe, masamba atayoyoka, uonetsa maluwa ofiira kuti psuu, pa nyengo imene maluwa ogula afuna mtsuko wa madzi tsiku ndi tsiku, ndipo mudziwa nokha amene asenza mtsukowo.

Msuku ufuna chisamaliro choposa. Njere zake zifa msanga, choncho muzifese pamene mwangodya chipatso, musazisunge. Dothi lofeseramo mukatape pansi pa msuku waukulu, pakuti m'menemo muli nkhungu zina zazing'ono, abale ake a bowa, zimene zigwirizana ndi mizu ndi kuithandiza kupeza chakudya. Ambiri amene anena kuti msuku subzalika anafesa m'dothi lopanda nkhunguzo.

Pamalire a bwalo ndi munda ikanipo msangu. Mtengo umenewu uchita zosiyana ndi inzake: uyoyola masamba m'dzinja, kotero kuti chimanga cha pansi pake chilandira dzuwa pamodzi ndi manyowa, ndipo m'chilimwe ubala nyemba zimene mbuzi zikonda. Khungu la njere zake nlolimba. Muzicheke pang'ono ndi mpeni musanafese. Msangu ukula ndithu ndiponso uli ndi minga, tsono muutalikitse ndi nyumba, ndipo pakati pa mtengo ndi unzake musiye mamita 10.