TIPHUNZIRE CINGEREZI: LIU LAKUTI "LEAVE"

Lero titenge liu lodziwika kwa aliyense wa pa nchito, ndilo "leave," limene ife timati livi. Liuli lili ndi matanthauzo awiri, ndipo munthu wosawasiyanitsa angathe kudzicotsa nchito ndi kalata yolemba iye mwini.

Tanthauzo loyamba ndilo cilolezo. Munthu amene ali "on leave" ndiye amene waloledwa kukapuma masiku owerengeka, malo ace a nchito ali kumdikira. Laciwiri ndilo kucoka kapena kusiya, ndipo pamenepo Angerezi amati "to leave."

Tiyerekeze kuti munthu wa ku Vubwi, kwa Mfumu Pembamoyo, agwira nchito mu mgodi wa Nkana ku Kitwe. Afuna kukaona makolo ace, ndi kukakhala nao pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'dziko la Katete, pakutha pa mwezi wa August. Ulendowo ngwautali, wodzera ku Lusaka ndi pa mlatho wa Luangwa, tsono ayenera kupempha masiku. Akalemba kuti "I want leave," wapempha livi. Koma akalemba kuti "I want to leave," wanena kuti afuna kuleka nchito. Kaliu kakang'ono ka "to" ndiko kasandutsa nkhani yonse, ndipo kalaliki awerenga za pa pepala, osati za mumtima. Cifukwa cace lembani momveka: "I am applying for leave from 20 August to 5 September." Masikuwo ndiwo aonetsa kuti mudzabwerera.

Dziwaninso kuti livi si mphatso ya bwana ai. Lamulo la nchito la Zambia la caka ca 2019 linena kuti amene wagwira miyezi 12 mosalekeza kwa bwana mmodzi apatsidwe masiku osacepera 2 pa mwezi uli wonse, ndi malipiro ace onse. Lipatsanso "compassionate leave," ndiyo livi ya maliro, ndi "maternity leave" ya masabata 14 kwa mai woyembekezera.

Koma cenjerani ndi mau awa: "absent without leave," ndiko kujomba popanda cilolezo. Mvula ikaononga mseu wa kumudzi, tumizani mau kunchito masiku anu asanathe.

Tsalani bwino, tidzamvananso sabata la mawa.