CHIFUWA CHACHIKULU: MAWU A MUNTHU AMENE ANACHITENGERA KWAWO

Abale anga a m'migodi, a pansi ndi a pamwamba omwe: Ine amene ndili kulemba mawu awa ndine nkhalamba tsopano, ndipo pochoka pakhomo panga kunka kudimba ndimapumula kawiri panjira. Koma kale ndinali mnyamata wamphamvu monga inu. Joini yanga yoyamba ndinalemba m'chaka cha 1979, ndipo ndinagwira makina oboola mwala mumgodi wina wa golide ku Joni zaka 8, kupita ndi kubwera. Ndifuna kukuuzani za nthenda imene ndinaitenga kumeneko ndi cholakwa chimene ndinachita nayo, pakuti cholakwa chomwecho anyamata ali kuchichitabe lero lino.

KUYAMBA KWAKE

M'chaka cha 1987 ndinayamba kutsokomola. Sindinasamale, popeza pakomponi aliyense amatsokomola akatuluka pansi. Masabata atatu anapita, chifuwa osaleka. Usiku ndinali kutuluka thukuta mpaka bulangete kunyowa, chikhalirecho inali nyengo yachisanu. Chakudya sichinali kukoma, ndipo lamba wa thalauza ndinamuboola bowo latsopano kawiri. Zonsezi ndinabisa, poopa kuti akandichotsa pansi ndalama za bonasi zitha. Tsiku lina m'mawa ndinalavula magazi, ndipo mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, munthu wa ku Lesotho, anandigwira dzanja nanka nane kuchipatala cha pamgodi.

Kumeneko anandijambula pachifuwa, napima makhololo anga, nandiuza kuti ndi chifuwa chachikulu, chimene amati TB. Ndinayamba kumwa mankhwala, ndipo pakutha pa miyezi iwiri thupi linabwerera ndithu. Pamenepo joini yanga inatha. Wothandiza dokotala anandipatsa mapiritsi a masabata angapo pamodzi ndi kalata, nati: "Bambo, kalata iyi mukapereke kuchipatala cha kwanu sabata lomwe mwafikalo. Musamati mwachira ayi. Nthendayi yangogona." Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

KALATA YA M'SUTIKESI

Ndinafika kwathu ndi njinga, wailesi ndi nsalu za mkazi wanga, anthu nandilandira ndi nthungululu. Ndani akanafuna kunena za matenda pa tsiku lotero? Chipatala chinali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga, mvula nayo inali itayamba ndipo munda unali kundidikira. Mapiritsi atatha sindinakatenge ena. Kalata ija inakhala pansi pa sutikesi.

Chaka chisanathe chifuwa chinabwerera, ndipo ndinaonda koposa poyamba. Akuluakulu a kwathu anakhala pansi nati ndi tsempho. Anati mkazi wanga sanadzisunge pamene ine ndinali ku Joni, ndipo wandidula pothira mchere m'ndiwo. Mkazi wanga analira nakana, koma palibe anamumvera. Ine ndinali kudziwa choonadi, koma ndinakhala chete chifukwa cha manyazi. Tinalipira mbuzi kwa sing'anga, chifuwa osasintha.

Nthawi yonseyo tinali kugona m'kanyumba kamodzi, zenera lotseka ndi chiguduli, ndipo mwana wathu wamkazi wa zaka zitatu anali kugona pakati pathu. Anayamba kutentha thupi ndi kukana phala, kenaka khosi linauma. Pamene tinafika naye kuchipatala, dokotala anati TB yalowa ku ubongo, ndipo tachedwa. Tinamuika m'manda m'mwezi wa June, 1989.

Maliro atatha, mkazi wanga pokonza zovala anaipeza kalata ija, nakaiwerengetsa kwa aphunzitsi. Madzulo ake anandiyang'ana nati: "Abambo ake a mwana, bwanji simunandiuze?" Mawu amenewo sanachoke m'makutu mwanga kufikira lero. Iye mwini ndiye anandiperekeza kuchipatala cha boma. Ndinagona m'menemo miyezi iwiri, jakisoni tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala onse ananditengera miyezi 8. Ulendo uno sindinadumphe tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo ndinachira.

NTHENDA IMENEYI NCHIYANI?

Tsono tamverani zimene ndinaphunzira mochedwa. Chifuwa chachikulu sichidza ndi mchere kapena ufiti. Chimadza ndi tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene dokotala wa ku Germany, Robert Koch, anatiulula ku Berlin pa 24 March 1882. Munthu wodwala akatsokomola, tizilomboto timayandama mumpweya, ndipo wina amatipumira m'mapapo. Mbale ndi chikho sizipatsirana nthendayi, ngakhale kugwirana chanza. Choopsa ndicho kugona anthu ambiri m'chipinda chosapita mphepo.

Ife a kumigodi ya golide tili ndi tsoka lina, ndilo fumbi la mwala. Fumbi losalala limene limauluka poboola ndi pophulitsa limalowa mkati mwa mapapo ndi kusiyamo zipsera. Imeneyi ndi nthenda inanso, madokotala amati silicosis, akale ankati phthisis. Siipatsirana, koma ilibe mankhwala ochiritsa, ndipo ikhoza kuonekera munthu atasiya mgodi kalekale. Ndiyo imandipumulitsa ine panjira ya kudimba. Mapapo a zipsera sakhoza kudziteteza bwino, kotero TB imawagwira msanga kuposa a munthu wosagwira mgodi. Kachilombo ka HIV nako kamatsegulira TB khomo, makamaka kwa munthu wosamwa ma ARV.

CHIFUKWA NINJI MIYEZI 6?

Agogo athu amene anayamba kunka ku Joni analibe mankhwala a nthendayi. Ambiri akadwala ankangowabweza kumudzi, nakafera komweko atapatsira a m'nyumba mwawo. Mankhwala oyamba, streptomycin, anayamba kuperekedwa kwa odwala mu 1944, ndipo isoniazid anadza mu 1952. Lero munthu amamwa mankhwala a mitundu inayi pa miyezi iwiri yoyamba, kenaka mitundu iwiri pa miyezi inayi yotsatira. Amodzi mwa iwo, rifampicin, amafiiritsa mkodzo. Musachite nazo mantha, ndi mmene amachitira.

Msampha wagona apa. Miyezi iwiri yoyamba imapha tizilombo tambiri timene tili kuswana msanga, ndipo munthu amayamba kudya ndi kunenepa. Koma tilipo tina tobisala, tokula pang'onopang'ono, ndipo miyezi inayi yotsalayo ndi ya timeneto. Mlimi wolimira udzu wa pamwamba nasiya mizu amadziwa chimene mvula idzamuonetsa. Choipa koposa nchakuti kumwa modumphadumpha kumasiya tizilombo tosamva mankhwala, ndipo wopatsiridwa naye amatenga tosamvato. TB yotere kale inali kutenga ngakhale zaka ziwiri, ndi jakisoni amene anagonthetsa anthu ambiri m'makutu. Kuyambira 2022 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linavomereza mapiritsi a miyezi 6 kwa ambiri a odwala otere, koma ndi mankhwala olemera, ndipo palibe wanzeru angawafune dala.

Kupima nako kunafulumira. Makina otchedwa GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010, amapima makhololo m'maola awiri okha, nanenanso ngati tizilomboto sitimva rifampicin. M'zipatala za boma ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa mankhwala a TB ndi aulere.

NTHENDA ILIBE PASIPOTI

Vuto lathu ife apaulendo ndi lakuti timayamba mankhwala m'dziko lina ndi kukamalizira m'dziko lina. Atsogoleri a mayiko a SADC anavomereza vuto limeneli pamene anasaina chikalata cha TB ya m'migodi ku Maputo mu August 2012. Koma chikalata cha atsogoleri sichingatulutse kalata m'sutikesi mwanu. Kotero ndikupemphani zinthu izi.

Choyamba: chifuwa chikapitirira masabata awiri, kapena mukamatuluka thukuta usiku ndi kuonda, pitani mukapimitse makhololo. Bonasi ya mwezi umodzi siigula mapapo.

Chachiwiri: ngati tchuthi kapena kutha kwa ntchito kwakupezani muli pa mankhwala, uzani a chipatala musananyamuke. Tengani kalata, khadi lanu la TB ndi mapiritsi okwanira ulendo, ndipo mukafika kaonekereni kuchipatala cha kwanu musanayambe kuchezera abale.

Chachitatu: uzani akazi anu zoona. A m'nyumba onse akapimidwe. Ana osakwana zaka 5 amene akhala ndi wodwala amapatsidwa mankhwala oteteza, ndipo mawindo azikhala otsegula.

Chachinayi: pansi musaboole mwala wouma popanda madzi, ndipo chophimba pamphuno musachivule ngakhale kutenthe. Pimitsaninso magazi kuti mudziwe za HIV.

Chachisanu: sungani mapepala anu onse a ntchito ndi nambala yanu ya pamgodi. Lamulo la South Africa la 1973 limapatsa munthu amene anagwirapo mgodi ufulu wopimidwa pachifuwa zaka ziwiri zilizonse, ngakhale atasiya ntchito. Ndiponso mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza pangano lakuti makampani 6 a golide apereke marandi 5 biliyoni, ndipo panakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loona za chipukutamisozi cha odwala silicosis ndi TB ya kuntchito, amene anagwira pamigodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019. Amasiye nawo ali ndi ufulu wodandaula. Kulembetsa ndi kwaulere. Wina akakupemphani ndalama kuti akulembetseni, ameneyo ndi wakuba.

Mkazi wanga tikadali limodzi. Chaka chimene ndinachira ndinaitana akuluakulu aja, ndi kunena pamaso pa apongozi anga kuti mwana wawo analibe mlandu, wolakwa ndinali ine. Anandikhululukira, ndipo Mulungu anatipatsa ana ena anayi. Koma wachisamba uja akanakhala mayi wa pakhomo pake tsopano, ndikanangopalasa njinga tsiku limodzi lokha. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu a m'chipinda mawu awa. Tsalani bwino, ndipo mukafike kwanu ndi moyo.